Tsiku Limene Ndege Inalumpha Olipa

M'zaka za Chitaganya, azungu anabweletsa ndege yoyesela ku Petauke. Ankafuna kuona ngati ingapopele mankhwala ophela ntchentche za kaodzela. Mwana wanga Stanislaus, amene ankaipukuta, anatiitana kukaiona.

Anationetsa mapiko, mipope ya mankhwala ndi mpando wa woyendetsa. Ine ndinkangochenjeza kuti, "Musakhudze! Eni akewo sanaidziwe bwino."

Itanyamuka, inabwela munsimunsi kuchokela cha ku Nyimba n'kudutsa pamwamba pa mdzukulu wanga Olipa, khanda limene tinagoneka pachitenje. Kwathu mwana akalumphidwa sakula, pokhapokha womulumphayo atamulumphanso chobwelela.

Itatela, ndinagwila Stanislaus mkono. "Kamuuze mzungu wako woyendetsayo abwelele mmene anadzela!"

"Amama, mufuna andichotse ntchito?"

"Ufuna mwana wako akhale wamfupi ngati mtondo?"

Anapita chipewa chili m'manja. Mzungu anaseka, koma anakwelanso.

Ndinagwada n'kutseka makutu a Olipa, ndegeyo ikubangula pamwamba pathu kulowela ku Nyimba. Mpaka lelo, mwezi ulionse ndimamuimika pamzati wa khonde kuti ndione ngati akukula.