Tikiti Yopita Yokha ya ku Torino

Amayi anandiuza nkhaniyi ndili chogwada, ndikuwawenga zikhadabo za kumapazi.

"Cosima, undifunire sitima ya ku Torino. Ndikupita kwa Donato."

"Chabwino," ndinatero. "Nanga mukabwerako liti?"

"Iwe gula tikiti yopita yokha. Zobwerazo tidzaona."

Ndinangotsala pang'ono kuwadula chala.

Donato ndi mlongo wanga, wamng'ono kwa ine ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anachoka kuno ku Lecce, kum'mwera kwa dziko lathu, ndevu zisanamere bwino, kukagwira ntchito kumpoto ku Torino, ndipo amabwera kamodzi pachaka, mu Ogasiti, kudzagona pagombe ngati buluzi padzuwa. Ine ndimakhala m'nyumba yomweyi ndi amayi, iwo pansi, ine ndi mwamuna wanga Pantaleo pamwamba. Chimwalirireni bambo, zaka khumi ndi zinayi tsopano, ndine ndimawaperekeza kwa dokotala, ndine ndimawerenga mapilitsi awo, ndine ndimadziwa bondo limene limawawawa mvula ikamabwera. Koma Lamulungu likafika, amayi amapesa tsitsi, kuvala ndolo, n'kukhala pafupi ndi foni kuyambira m'mawa kudikira Donato. Amayankhula nawo mphindi zisanu. Mphindi zisanuzo amazibwereza kwa anthu apamsewu mpaka Lachinayi.

Mwana wanga wamkazi ndinamutcha Addolorata, dzina la amayi, monga mwambo wathu umafunira, ngakhale kuti mwanayo mpaka lero sanandikhululukire. Donato atabereka wake anamutcha Greta. Ine ndinati lero lokha amayi amukalipira. Iwo anangoti, "Dzina lamakono, lokoma mkamwa." Gretayo ndi amene ankaitanirwa amayi tsopano, chifukwa Donato ndi mkazi wake Ilaria onse amagwira ntchito ndipo mwana analibe womulera. Anali atawakonzera kale chipinda, makatani ndi zonse.

Ndinene poyera, ndinachita nsanje, nsanje yoti chakudya sichinkatsika. Munthu wina akanati ndapuma. Ine ndinkangoona kuti ndawasamala zaka zonsezi kuti Donato adzangowatenga pafoni, ngati mmene amatengera mafuta.

Pajatu kwathu kuno munthu sapita kumpoto chimanjamanja. Mwana amene ali kumpoto, kaya akhale ndi galimoto ziwiri, mayi wake amamuona ngati akufa ndi njala. Ndiye tsiku lomwelo amayi anayamba kusonkhanitsa phukusi patebulo la kukhitchini: mabotolo makumi awiri a msuzi wa tomato, chitini cha mafuta a maolivi, tchizi ziwiri zazikulu, buledi wathu wouma uja timaviika m'madzi, tsabola wa m'mafuta, maolivi akuda. Msuziwo tinaphika ine ndi Pantaleo mu Ogasiti, mgolo uli pamoto pabwalo, thukuta lili kamukamu, Donato ali kunyanja. Mafutawo ndi a mitengo ya bambo imene ndimalimirira ine. Amayi ankanyamula botolo lililonse kuliyang'ana padzuwa, lofiira bwino n'kuliika kumbali ya Donato, lotuwirako n'kulibweza pashelefu.

"Amenewa ndiye athu?" ndinafunsa, ndikuloza otuwawo.

"Inu muli pompano, mungadandaule chiyani?"

Madzulo amenewo, dzuwa lisanalowe, ndinatsegula foni kufunafuna sitima. Sizinavute n'komwe. Inalipo yonyamuka m'mawa kuno, kutsata gombe lonse, kudutsa Bari, Pescara, Ancona, n'kukafika ku Torino madzulo, munthu osatsika paliponse. Malo analipo ambirimbiri, ngakhale apazenera. Ndinayang'ana malowo kwa nthawi yaitali. Kenako ndinatsika masitepe n'kukanama.

"Amayi, yopita mwachindunji yadzaza mpaka Khirisimasi. Yatsala yosintha pa Bologna."

"Kusintha bwanji?"

"Mutsike ndi katundu yense, mukakwere ina. Ndipo inayo imaima pansi pa nthaka, masitepe ake osatha. Nthawi yake ndi mphindi khumi basi. Mukachedwa, yapita."

Za pansi pa nthakazo zinali zoona, ndinazionapo kamodzi. Zinazo ndinkangofuna kuti achite mantha. Mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi zisanu, amene sanapitirirepo pa Bari, bondo lowawa, masutikesi awiri. Ndinkadziwa kuti anena kuti, "Basi, ndidikira Donato adzanditenge chaka chamawa," ndipo chaka chamawa chili ndi zake.

Amayi anasisita bondo. Kenako anati, "Mphindi khumi. Masitepe angati?"

"Sindinawerenge. Ambiri."

"Kuposa athuwa?"

"Kanayi."

M'mawa mwake ndinadzidzimuka ndi phokoso la mabotolo. Nditasuzumira pazenera ndinaona amayi pabwalo, atavala nsapato zawo zopitira ku Misa, sutikesi kudzanja ili, ina kudzanja ili, kachikwama pakhosi. Pantaleo anali ataima pachipata, atagwira wotchi ya kukhitchini ija timaphikira mazira.

"Mukutani kodi?" ndinakuwa.

"Tili pa Bologna," anayankha Pantaleo, nkhope ili gwa. "Usatisokoneze, sitima itithawa."

Amayi anali atakonza zonse. Ayambire pachipata, adutse bwalo, akwere masitepe athu mpaka pakhomo langa n'kutsika, kanayi, kenako akagwire mtengo wa mandimu, umene unali sitima ya ku Torino. Tsiku loyambalo anatenga mphindi makumi awiri ndi ziwiri, ndipo atafika pamandimupo anakhala pa sutikesi akupuma ngati mvukuto. Ndinasangalala, Mulungu andikhululukire. Ndinawapititsira madzi ndili ndi nkhope yachisoni.

"Mwaonatu, amayi. Sizingatheke."

"Katunduyu walemera," anatero. "Tichotseko."

Ndinaganiza kuti ayamba ndi mabotolo. Ayi. Anachotsa madiresi atatu ndi nsapato za m'nyumba. Tsiku lachiwiri, mphindi khumi ndi zisanu ndi zitatu. Anachotsa juzi ziwiri ndi kamakina koyezera kuthamanga kwa magazi. Tsiku lachitatu anachotsa chikhoti chawo chachikulu.

"Amayi, ku Torino kumagwa chipale chofewa! Mukavala chiyani?"

"Chikhoti amagulitsa kulikonse. Tomato wa kumeneko ndi madzi okhaokha."

Anthu apamsewu anayamba kubwera kudzaonerera. Amayi a nyumba yoyang'anana nafe ankatulutsa mpando n'kumawerenga mokweza. Wina anati sutikesi yolemera izikhala kumanja, wina anati azipemphera kwa Oronzo Woyera asanayambe. Palibe ngakhale mmodzi anati botolo limodzi litsale, chifukwa onsewo ali ndi ana kumpoto.

Pantaleo anandipeza kukhitchini tsiku lachinayi ndikutsuka mbale imene inali yotsuka kale.

"Cosi, ine foni ndimadziwa kutsegulanso."

"Ndiye?"

"Ndiye sitima yodzaza mpaka Khirisimasi ija ili ndi malo okwana mpingo wonse. Ukufuna apongozi anga adzafere pamasitepe anga?"

"Ukawauze ndiwe, poti ndiwe woyera mtima."

"Ine ayi. Ine ndine wogwira wotchi. Anama ndi ena." Anatenga buledi n'kutuluka, koma ali pakhomo anatembenuka. "Komatu dzulo anadzandira pa sitepe yachisanu. Ndinawagwira pamkono. Sanafune kuti ndikuuze."

Lamulungu Donato anaimba. Amayi anamufotokozera za Bologna monyadira, ngati mwana amene wakhoza mayeso. Ndinkamva mawu ake pafonipo akuseka.

"Amayi inu ndinu mkango! Musaiwale tsabola uja, Ilaria amamukonda. Cosima alipo? Mumupatse moni."

Moni. Sanafunse kuti n'chifukwa chiyani mayi wake akusintha sitima ndi masutikesi awiri. Sanati abwere kudzawachingamira pa Bologna, pamene kwa iye ndi ulendo wa maola awiri. Ndipo amayi ataika foni pansi anapukuta misozi n'kunena kuti, "Mwana ameneyu amandiganizira."

Lolemba anafika pa mphindi khumi ndi zitatu, ndipo zovala zochotsa zinali zitatha. Ndinawapeza atagwada pabwalo, sutikesi ili chitsegukire, m'manja muli chithunzi cha bambo cha m'felemu yamkuwa chimene chimakhala pambali pa bedi lawo. Anachiyeza m'manja, n'kuyezanso botolo la msuzi kudzanja linalo. Kenako anapsompsona chithunzicho n'kuchiika pansi, pa mulu wa zotsala.

Pamenepo mtima unandiphulika.

"Mpaka bambo atsale chifukwa cha tomato wa Donato? Amayi, kodi munthu ameneyu anakudyetsani chiyani? Zaka khumi ndi zinayi ine ndili pano! Ndimakusambitsani mukadwala, ndimakudulani zikhadabo, ndimaphika msuziwu mpaka manja kutupa. Munayamba mwandisankhirapo botolo lofiira ine? Munayamba mwavalapo ndolo chifukwa cha ine? Ngakhale zikomo, amayi, zikomo yekha!"

Amayi a nyumba yoyang'anana nafe aja ananyamula mpando wawo n'kulowa m'nyumba. Pantaleo anayamba kuyang'anitsitsa wotchi ngati yawonongeka.

Amayi anandiyang'ana modabwa, kudabwa kwenikweni, ndipo n'kumene kunandipweteka koposa.

"Iwe Cosima, ndizikuthokoza? Iwe ndiwe dzanja langa. Unaona kuti munthu akuthokoza dzanja lake?"

"Ndiye dzanjalo mukulisiya kuno."

"Uja sakhoza kalikonse payekha," anatero motsitsa mawu. "Sanakhozepo. Iwe unabadwa wokhoza. Ndithandize kudzuka, bondo lauma."

Ndinawadzutsa. Ndinkafuna yankho lina, sindikudziwa lotani, koma limenelo silinandikhutitse, ndipo mpaka lero silindikhutitsa. Ndinakwera pamwamba, ndinatsegula foni, n'kugula tikiti ya sitima yachindunji, bogi yachisanu ndi chimodzi, mpando wapazenera, mbali imene nyanja imaonekera. Yopita yokha, monga anafunira. Nditatsika ndinawauza kuti wina wabweza tikiti yake ndipo malo apezeka.

"Taonani mwayi," anatero amayi, osandiyang'ana. Anabwezera chithunzi cha bambo m'sutikesi, kenako chikhoti, kenako anawonjezera mabotolo ena anayi.

Tinawaperekeza Loweruka m'mawa. Pasiteshoni panali podzaza ndi anthu onga ife, aliyense akukoka chikwama cholira magalasi. Ine ndi Pantaleo tinakweza masutikesi, tinawakhazika pampando, ndinawaikira chakudya cha panjira pamwendo ndi mapilitsi a masana m'kathumba kakekake. Ndinapempha mayi wina amene anakhala moyang'anana nawo kuti aziwakumbutsa kumwa madzi. Pantaleo anawapsompsona masaya onse awiri n'kutsika msanga, chifukwa amalira mosavuta ndipo safuna anthu adziwe.

Ndinatsala ine, nditaima pakati pa mipando, anthu akundikankha ndi zikwama.

"Umuimbire Donato," anatero amayi. "Umuuze bogi yake, asakachedwe. Umuuzenso abwere ndi munthu womuthandiza kunyamula, msana wake suja."

"Ndimuuza."

Ndinatembenuka kuti ndizipita. Anandigwira pamkono, zala zawo zili zolimba ngati kale ndili mwana.

"Khala kaye pansi. Unandifunsa za kubwera."

Ndinakhala m'mphepete mwa mpando wa munthu wina.

"Ine kumeneko sindikaikidwa, wamva? Kumeneko amakuika m'manda a m'khoma pakati pa anthu osawadziwa, mvula ndi nkhungu chaka chonse. Malo anga ali pambali pa bambo ako. Tsikulo likadzafika, Donato adzangolira n'kumaimba mafoni, ukumudziwa. Ulendo wobwererawo udzakonze ndiwe. Udzabwere wekha kudzanditenga. Diresi lake ndasiya m'kabati, lakuda lija la mabatani ang'onoang'ono, usadzalole Ilaria kundiveka za kumeneko."

"Amayi, musayankhule choncho."

"Ndayankhula kale." Anandisiya mkono n'kuyamba kukonza kachikwama kawo. "Ndipo udzandifunire yachindunji, mwana wanga. Ulendo umenewo usadzanditsitse pa Bologna."

Anandiyang'ana kamodzi kokha, diso louma, pakamwa pakufuna kuseka. Nkhope yanga inatentha. Anali akudziwa, kaya kuyambira liti, ndipo masitepe aja anakwerabe.

Wenzulo inalira ndipo ndinatsika zitseko zikutsekeka. Ndinaima pafupi ndi zenera lawo kudikira kuti andibayibitse, koma iwo anali atawerama, akusuzumira pansi pa mpando kuona ngati chitini cha mafuta chaima bwino. Sitima inanyamuka ali chiweramire.

"Akuuza chiyani?" anafunsa Pantaleo, akupukuta mphuno.

"Agawa chuma," ndinatero. "Donato watenga amayi amoyo. Ine andipatsa maliro."

Ndinatulutsa foni n'kuimbira Donato kuti ndimuuze bogi. Inaitana nthawi yaitali, ndipo atayankha mawu ake anali a munthu amene wangodzuka kumene.

"Cosi! Ha, kodi paja n'lero?"

"N'lero," ndinatero. "Bogi yachisanu ndi chimodzi. Ukawadule zikhadabo Lachisanu lililonse, okha safikira."