Zombi wa Jekete

Mtsikana ameneyu ankamutcha Mavu, ndipo dzinali sanamunamizire ayi. Ukangomuputa pang'ono, wakuluma kale. Koma Loweruka limenelo anatuluka m'nyumba akuimba, atavala diresi yake yachikasu, chifukwa msuweni wake ankaonetsa filimu yake yoyamba.

Msuweniyo ndi uja amajambula zithunzi za pa ziphaso uja, mwana wa azakhali ake. Chigulireni kamera yakale kwa mnzake anayamba kudzitcha Dayilekita, ndipo ukamuitana dzina lina sankatembenuka n'komwe. Miyezi inayi yathunthu anakhala akuthamangitsa anzake m'misewu atawapaka fulawa kumaso, ati akujambula filimu ya mazombi, anthu akufa amene adzuka n'kumadya amoyo.

Bambo ake a Mavu sanapite nawo, chifukwa holo yoonetsera filimuyo ili pamwamba pa sitolo ya zitsulo ndipo masitepe ake ndi ambiri. Iwo ndi telala, koma chaka chatha anadwala sitiroko, mbali yakumanzere yonse inafooka. Akuchipatala anawauza mosabisa kuti aziyenda tsiku lililonse, akangosiya mwendowo uuma ndipo sadzadzukanso pampando. Ndiye m'mawa uliwonse ankayenda kuchoka pageti kukafika pa thanki ya madzi kumapeto kwa msewu n'kubwerera. Ankavala jekete yakuda ndi tayi, ati telala sangaoneke panja ngati wodwala.

Mu holomo mawindo anali atatchinga ndi mabulangete, pakhoma atapachika nsalu ya pabedi, kutentha kwake ngati mu uvuni. Dayilekita anaima pakhomo n'kumapatsa aliyense kapepala.

"Mulembepo maganizo anu filimu ikatha. Zomwe mwakonda, zomwe simunakonde. Musaope, ine chidzudzulo ndimachilandira ndi manja awiri."

Anthu sanadikire za kapepalazo. Maganizo anayamba kutuluka pakamwa filimu itangoyamba kumene.

"Magaziwo ndi tomato sosi!" anakuwa bambo wometa tsitsi, amene shopu yake ili mu msewu wa kwa Mavu womwewo. Ameneyu pakamwa pake sipatsekeka ngakhale pamaliro.

"Zombi wavala wotchi!" anatero mayi wina kumbuyo. "Akuopa kuchedwa kuti, kumanda?"

"Taonani uyo akulambalala chithaphwi. Munthu wakufa akuopa kudetsa nsapato!"

"Uyo wagonayo akupuma, abale! Mimba ikukwera n'kutsika!"

Mavu anaseka mpaka misozi. Zombi wina anayetsemula fulawa n'kunena kuti pepani. Mtsikana wothawa anagwa katatu pamalo amodzi popanda chomupunthwitsa. Penapake nkhuku inadutsa pakati pa mitembo ikujompha, ilibe nazo ntchito. Dayilekita anali ataima pafupi ndi laputopu yake, nkhope itagwa, thukuta lili kamukamu.

Kenaka chithunzi chinasintha. Msewu wopanda munthu, dzuwa la m'mawa, patali thanki ya madzi. Mavu anauzindikira msanga, unali msewu wa kwawo. Pakona panatulukira munthu wa jekete yakuda ndi tayi. Mwendo wamanzere ukukhwekhwereza m'fumbi, dzanja litapindikira pachifuwa, mutu utapendekeka. Ndipo m'masipika munatuluka kubuula kwakuya, ngati ng'ombe ili pa mpeni.



"Eee!" anatero wometa uja, akuimirira. "Uyu ndiye zombi! Enawa ndi ana asukulu!"

Anthu anaomba m'manja, ena likhweru, ena kumenya mipando.

"Bwezani! Bwezani pomwepo!"

Ndipo inu, Dayilekita anabwezadi. Nkhope yogwa ija inawala ngati wapaka mafuta. Anabweza kachiwiri, anabwezanso kachitatu.

"Dikirani kaye," anatero wometa, akutsinzinira diso limodzi. "Aja si atelala a mumsewu mwathu aja? Ndi omwewo! Ndiye amadutsa pa shopu panga daily akuyeserera filimu eti?"

Anapinda dzanja pachifuwa, n'kuyamba kukoka mwendo pakati pa mipando akubuula. Anthu anagwa nako kuseka.

Mavu sanalume munthu pamenepo, ndipo omudziwa amadabwa nazo mpaka lero. Anangokhala, kapepala kake atakafinya m'dzanja mpaka kunyowa. Filimu yotsalayo sanaione.

Anthu atatsika, anamupeza msuweni wakeyo atakhala pansi ndi katoni ya timapepala, akuwerenga mokweza ngati mwana amene wakhoza mayeso.

"Tamva izi, msuweni. 'Filimu yachabechabe koma wa jekete ali bho.' Ina iyi. 'Mazombi enawo akaphunzire kwa wa jekete.' Ina. 'Wa jekete muzimuonetsa kuyambira poyamba, enawo achotseni.' Onse akunena chimodzimodzi!"

"Unawapempha?"

"Ndani?"

"Usandiyese chitsiru iwe. Ababa. Unawapempha?"

Dayilekita anakanda m'mutu. "Analowa okha mu kamera. Ife timajambula msewu wopanda anthu, iwo n'kutulukira. Batire inali ikutha, sitikanabwereza. Ndiye nditaona pa laputopu ndinati, ah, koma zikugwirizana."

"Zikugwirizana! Amalume ako enieni, amene anakusokera yunifolomu kuyambira uli ndi mamina, zikugwirizana ndi mtembo?"

"Nkhope sikuoneka bwinobwino, ali patali."

"Wometa wawazindikira ali pa mzere wachisanu! Ndipo kubuula kuja analowanso nako okha mu kamera?"

"Mavu, iwe za luso suzidziwa. Mawa ndikuika filimuyi pa intaneti, ndipo pa positala pakhala iwowo. Atchuka."

Mavu anatseka laputopu ija mwamphamvu, kuikwapatira m'khwapa, n'kutsika masitepe awiriawiri. Dayilekita anathamangira m'mbuyo atanyamula katoni yake, akuchonderera msewu wonse kuti aigwire bwino, hinji yake ndi yothyoka kale.

"Ukawaonetse wekha," anatero Mavu osatembenuka. "Ukawauze pamaso kuti atchuka."

Anawapeza bambo ali pakhonde, akulumikiza batani pa malaya ndi dzanja limodzi, nsaluyo ataipanikiza ndi bondo. Amayi ankachotsa zovala pa chingwe. Atangomva mawu awiri atatu a nkhaniyo, amayi anasiya beseni pansi.

"Mavu, usatero. Tikambirane kaye kuseri."

Koma Mavu akapsa mtima makutu amatseka. Anaika laputopu patebulo la makina osokera, n'kumukankha msuweni wake paphewa. "Tsegula."

Bambo anavala magalasi. Msewu unaoneka, thanki inaoneka, kenaka munthu wa jekete uja. Anayang'ana osaphethira mpaka chithunzi chinatha. Mavu ankadikira kuti akalipe. Iwo anangovula magalasi aja pang'onopang'ono.

"Kodi ndimayenda chonchi?"

M'nyumba monsemo, kwa miyezi yonseyi, aliyense ankawauza kuti akuyenda bwino kwambiri, atsala pang'ono kuthamanga. Mavu ndiye ankanena kwambiri, tsiku lililonse pageti. Galasi lalikulu la makasitomala amayi analichotsa kalekale, ati linasweka.

"Ndafunsa," anatero bambo. "Ndimayenda chonchi?"

"Kamera imakokomeza, Ababa," anatero Mavu, koma mawu ake anatuluka ang'onoang'ono.

Bambo anatembenukira kwa mphwawo. "Wobuulayo ndani?"

"Ndine, amalume. Ndinalowetsa mutu mu ndowa."

"Mu ndowa." Anagwedeza mutu. "Ndinagona pa bedi miyezi itatu, akunditembenuza ngati thumba. Funsa mayi awa ngati ndinabuulapo ngakhale kamodzi. Chotsa."

"Amalume, mukachoka inu filimu yatha. Taonani mapepalawa, anthu onse akonda inu nokha. Miyezi inayi ndavutika nayo, chonde."

"Chotsa!"

Chikhalireni Mavu anali asanawamvepo akukuwa chonchi. Ngakhale galu wa kwa aneba anasiya kuuwa. Dayilekita anachotsa, Mavu ataima pamsana pake kuonetsetsa kuti wachotsanso kulikonse kumene anasunga. Atatha ananyamula laputopu yake n'kumapita osatsanzika, katoni ya maganizo ija anaiiwala pakhonde. Timapepalato amayi anayatsira mbaula.

Mavu ankaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Koma mutu wa anthu suli ngati laputopu, sungachotsemo kanthu.

Lamlungu m'mawa jekete inakhala pa msomali. Bambo anati mwendo ukupweteka. Lolemba anati kunja kuli mphepo. Lachiwiri sananene chifukwa chilichonse, anangokhala pampando atavala vesiti, akuyang'ana khoma. Madzulo ake amayi anachita kuwagwira mbali zonse kuti aimirire, chinthu chimene anali atasiya kalekale.

Mavu anakwiyira aliyense. Anakwiyira Dayilekita, anakwiyira wometa, anakwiyira mayi wa wotchi uja ngakhale sanalakwe kanthu, anakwiyira mbale mpaka ziwiri zinasweka. Koma amene ankamukwiyira kwambiri ndi amene ananyamula laputopu kubwera nayo pakhonde.

Lachitatu m'mawa anachotsa jekete pa msomali, kuikutumula, n'kukaima nayo kutsogolo kwa bambo ake.

"Valani."

"Bweza pomwe waitenga."

"Sindibweza. Akuchipatala anati chiyani?"

"Nonse munkandinamiza," anatero bambo, osamuyang'ana. "Iwe makamaka. 'Ababa lero ndiye mwayenda ngati mnyamata.' Kumeneko anthu akundionera pa mawindo ngati chinyama."

"Eya, tinkakunamizani! Ndiye mutani? Mumayenda moipa, Ababa. Mwendo mumakoka, mutu mumapendeka, zonse munaona zija ndi zoona. Koma chaka chatha munkayenda bwanji? Munkayenda n'komwe? Mukufuna amayi azikunyamulaninso kupita kubafa chifukwa cha munthu wolowetsa mutu mu ndowa?"

"Mavu!" anakuwa amayi kukhitchini. "Ukulankhula ndi bambo ako!"

Bambo anamuyang'ana mwana wawoyo m'maso. Kenaka anatambasula dzanja labwino lija.

"Tayi ili kuti?"

Anatuluka pageti onse awiri. Mwendo unali utauma ndithu, ankaukoka kuposa kale, ndipo fumbi linkatsatira m'mbuyo. Mayi wina amene ankasesa panja anaima n'kumayang'ana. Mavu anamubwezera diso mpaka mayiyo anapitiriza kusesa pamalo posesa kale.

Shopu ya wometa inali yotsegula, makasitomala atatu atakhala pabenchi panja. Mwini wake anatuluka ndi makina ometera m'manja. Atangowaona anamwetulira mano onse, kupinda dzanja pachifuwa, n'kuyamba kuja.

"Uuuuh! Thawani, wa jekete wafika! Uuuuh!"

Mavu anawerama n'kutola chidutswa cha njerwa.

"Usaponye," anatero bambo motsitsa.

Iwo anasiya njira ya ku thanki n'kulunjika pa shopupo. Sanafulumire, sakanathanso kufulumira. Phazi limodzi, kukoka linalo. Phazi limodzi, kukoka linalo. Maso ali pa wometa basi. Kubuula kuja kunayamba kuchepa, kenaka kunasanduka kachifuwa, kenaka kunatheratu. Pamene bambo ankafika pa sitepe, wometa anali atabisa manja onse kumbuyo ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

"Mwadzuka bwanji, akulu?" anatero bambo.

"Ta... tadzuka bwino, atelala. Kaya inu. Timangocheza."

"Ndamva kuti mumadziwa kuweruza mafilimu."

"Ah, ayi, ndi zocheza chabe zija."

Bambo anamuyang'ana kuyambira kumutu kutsika, mmene ankayang'anira kasitomala asanatenge tepi. Maso anaima pakati.

"Buluku limeneli ndinasoka ndine, ndi manja awiri. Zipi yake ndi yabwinobwino, ndinaisankha ndekha. Tsekani, pali ana pamsewu pano."

Wometa anayang'ana pansi. Makasitomala aja anaphulika nako kuseka, wina mpaka anagwa pabenchi, tsitsi atamumeta mbali imodzi. Wometa anatembenukira kukhoma akulimbana ndi zipi, makina ometera akulirabe m'dzanja linalo.

Bambo sanaseke. Anakonza tayi, n'kutembenuka movutikira, Mavu atawagwira pachigongono.

"Ndisiye," anatero. "Ndinkafika ndekha."

Anawasiya. Anafika pa thanki dzuwa litakwera kale, malaya atanyowa, akupuma ngati akwera phiri. Anagwira chitsulo cha thankiyo ndi dzanja lamanja monga ankachitira masiku onse.

"Lero ndayenda bwanji?" anafunsa.

"Moipa," anatero Mavu. "Kuposa sabata yatha."

"Hm. Mawa tidzuke msanga."

Apa m'pamene Mavu anazindikira kuti njerwa ija idakali m'dzanja lake. Sanaitaye. Anaiika bwinobwino kuseri kwa mwendo wa thanki, pamalo poti aipeze mosavuta, chifukwa mu holo muja munali anthu oposa makumi asanu, ndipo wometa anali mmodzi chabe.