Mwendo wa Malemu Wilfred

Norah ankauza aliyense ku Chimwemwe, komboni ya mu Kitwe, kuti mwamuna wake Wilfred anadwala ali ndi bwenzi limodzi lokha lenileni, Stanislaus. Anzake akumgodi anabwera masiku oyambirira, atamva mmene chifuwa cha fumbi chinkalirira, anayamba kumangotumiza moni pa anthu. Koma Stanislaus, munthu woyendera ndodo ziwiri, ankakwera basi kuchokera kukomboni ya mgodi Lamlungu lililonse Misa ikatha, atamangirira kathumba ka malalanje pandodo. Amuna awiriwa tsoka lawo linali limodzi: mwala wapansi unawadya onse mwendo wamanzere kumunsi kwa bondo. Kusiyana kwake kunali kwakuti Wilfred anali ndi mwendo wamtengo wa malamba achikopa, pomwe mnzakeyo ankangopinda thalauza n'kulibaya phini.

Zinali zaka zija ufulu udakali wamawamawa, mkuwa ukuyenda malonda kwadzaoneni. Mu Kitwe nyumba zosanja zinkamera ngati bowa, ndipo wailesi inkati dziko labadwa lolemera. Kulemera kwake ndiye kuti? Ku Ndola, kukanyumba kosemera miyendo, mzungu amene ankadziwa ntchitoyo analongedza katundu n'kupita osaphunzitsa munthu ndi mmodzi yemwe. Anyamata awiri amene anatsalamo ankatha kusoka lamba ndi kuyala chikopa m'kati mwa mwendo, basi. Ena akuti anatumizidwa kunja kukaphunzira, ndipo oduka miyendo anauzidwa kuti adikire, ngati kuti ana kunyumba amadya kudikira.

Matenda atafika pothina, Wilfred anaitana mkazi wake pamodzi ndi mkulu wake Hector, yemwe anali atabwera kuchokera ku Katete kudzadwazika. Mwendo weniweni wa Wilfred unatsala kuchipatala tsiku la ngozi, ndipo palibe anamuuza kumene unatayidwa. Nkhaniyi inkamudya mumtima kuposa chifuwa.

"Amake Maud, uja anandilanda ndili chikomokere," anatero akupuma mobanika. "Uwu wokha mundiike nawo. Ndisakafike kwa makolo ndikudumphadumpha ngati mpheta."

Norah analonjeza. Hector, munthu wosaseka pa za mwambo, anaonjezera kuti kwawo munthu salowa m'manda mopereweza, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Wilfred anamwalira chakumapeto kwa dzinja. M'mawa wa tsiku loika maliro, adzukulu atasambitsa thupi n'kuliveka suti, anauza Norah kuti atenge mwendo uja, poti bokosi linali litafika. Amayi a mpingo ankaimba pabalaza pamene panagona malemu. Norah anadzuka pamphasa, n'kukankha chitseko cha kuchipinda.

Stanislaus anali atakhala pabedi. Analowera khomo lakuseri, ndodo zake atazigoneka pansi kuti zisagwe n'kuchita phokoso. Mwendo wa Wilfred unali kale pathupi pake. Chitsa cha mwendo wake anachiveka sokosi ya malemu, ija yosachapa, yolimba ndi thukuta ndi mafuta opaka pazilonda, ndipo anali kalikiliki kukoka lamba, lilime lili panja ngati mwana amene akuyesa nsapato za Khirisimasi. Nkhope yake inkawala. Kuwalako ndi kumene kunamunyansa Norah. Analowa n'kutseka chitseko.

Pomwepo zonse zinamubwerera. Munthuyu akabwera kudzazonda matenda, ankakonda kukhala mbali imene mwendo unkatsamira khoma. Ankafunsa ngati malamba akadali olimba. Tsiku lina anaimirira pafupi ndi Wilfred n'kuseka kuti misinkhu yawo ndi yofanana ngati mapasa, Norah n'kuseka nawo, chitsiru iye. Akuluakulu sananame, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Miyezi yonseyi ankawiritsira tiyi fisi amene ankadikira kuti nyama igwe.

"Vulani," anatero Norah motsitsa mawu, kuopa amayi pabalaza.

Stanislaus sanavule. Analankhula msangamsanga, Chinyanja chikusakanizika ndi Chibemba, maso ali pansi. Anati kumgodi amuuza kuti ntchito yopereka nyale kwa olowa pansi ilipo, ija ankagwira Wilfred asanagone, koma ndi ya munthu woimirira manja ali opanda ndodo. Mwezi ukatha asanapeze mwendo, nyumba ya kampani aichoke. Ku Ndola anapitako mpaka otsogolera basi kumuloweza, ndipo anyamata aja anamuuza poyera kuti watsopano palibe, koma akapeza wina kwina abwere nawo amukonzere m'kati.

Norah anafunsa ngati mwamuna wake ankadziwa chimene malalanje aja ankagula.

"Alamu, mukwai, musandiyang'ane choncho," anatero Stanislaus. "Ba Wilfred ankadziwa kuyambira tsiku loyamba. Nanga iwo anaupeza bwanji? Unali wa ba Festus a ku Ndeke. Anawazonda mpaka kuwatseka maso, n'kuutenga mkazi wawo akulira. Tonse timatero. Ndi mzere, alamu."

Norah anafuna kumulavulira, koma malovu anauma. Anakumbukira chaka chija Wilfred atangotuluka m'chipatala, mmene ankalimbikira kupita ku Ndeke pa ndodo kukaona mnzake wina wodwala, iye n'kumamutamanda kwa amayi anzake kuti ndi Mkhristu weniweni. Anakumbukiranso madzulo amene anabwera ndi mwendo m'saka, n'kunena kuti wachokera ku Ndola. Zaka zonsezi iye Norah ankaupukuta, kuupaka mafuta, kuumanga pa mwamuna wake m'mawa uliwonse, osadziwa kuti akupukuta thukuta la munthu wakufa. Ndipo mwina Festus nayenso anachita kuuvula pa wina.

Norah anauyang'ana mwendowo. Utoto wake wotuwa, wa khungu la azungu, unali utasupuka, chikopa chakuda ndi litsiro la amuna amene sankawadziwa n'komwe. Ananyansidwa nawo, ananyansidwa ndi munthu amene anauvala, ananyansidwa ndi Wilfred, Mulungu amukhululukire, amene anafuna kupita nawo m'dothi akudziwa kuti wina akuudikira monga momwe iye anadikirira. Koposa zonse ananyansidwa ndi tauni yonseyi, yotulutsa mkuwa wodzaza masitima koma yolephera kusema chikuni chimodzi.

Koma lonjezo ndi lonjezo, ndipo Hector anali panja. Kumbali ina, ana a Stanislaus ankawadziwa, ankawaona kutchalitchi atandandalika ngati masitepe. Kuthamangitsidwa m'nyumba ya kampani ankakudziwanso, poti naye anaonapo mipando yake ili pamsewu Wilfred atasiya ntchito. Pabalaza nyimbo inatha, ina n'kuyamba, ndipo mdzukulu anagogoda kufunsa ngati zatheka.

"Uikeni m'saka mutulukire komwe munalowera," anatero Norah. "Musauvale mpaka alamu anga atabwerera ku Katete. Mukapite nawo ku Ndola kaye. Ndipo pakhomo pano musadzapondenso."

Stanislaus anaomba m'manja mwakachetechete, misozi ili mbwembwembwe, akumutcha mayi wake. Anamasula malamba, n'kukulunga mwendo. Atafika pakhomo anatembenuka, akukanda m'mutu.

"Nanga nsapato inzake, alamu? Iyi ili kuphazi lamtengoyi siingayende yokha."

Norah anaitenga pansi pa bedi n'kumuponyera osamuyang'ana.

Kenako anachita chinthu chimene sankaganiza kuti angachite pa moyo wake. Anatenga mpini wa khasu kuseri kwa chitseko, n'kuukulunga ndi bulangeti lakale mpaka unanenepa ngati katumba, n'kuphimba zonse ndi chitenje. Pabalaza anapempha kuti amulole amange yekha, monga ankachitira mwini wake ali moyo. Amayi anamumvera chisoni n'kutembenuza nkhope, adzukulu n'kutuluka. Analowetsa mpini uja m'thalauza la mwamuna wake, n'kufunditsa nsalu yoyera kuyambira kumapazi mpaka pachifuwa. Hector atalowa kudzaona nkhope, anayang'ana mizere iwiri pansi pa nsalu, n'kugwedeza mutu mokhutira. Anamuuza Norah kuti wasunga mawu a mng'ono wake, ndipo kumudzi akanena zabwino za iye. Mawu amenewo anamuwawa kuposa kutukwanidwa.

Lole inanyamula bokosi mpaka pamene msewu unathera, ndipo kuchokera pamenepo anthu anayenda pansi kulowa kumanda. Kanjira kake kanali kakatali, ka miyala. Norah ankayenda kumbuyo kwa bokosi, amayi awiri atamugwira m'mikono, Hector ali chapatsogolo pang'ono ndi akatekisiti.

Kwaya itapuma kuti iyambe ndime ina, Norah anamva kulira kwa chitsulo ndi chikopa kumbuyo kwake. Kwii, gu. Kwii, gu. Chitsulo chapakakolo cha mwendo uja chinkalira choncho phazi likaponda, ndipo Chimwemwe yense ankakudziwa kulirako, poti ana ankathamangira kukachingamira Wilfred asanaonekere pakona. Amayi amene anamugwira anamva nawonso, mmodzi n'kuchita chizindikiro cha mtanda.

Norah anacheuka. Stanislaus ankabwera pakati pa amuna, wopanda ndodo, atavala nsapato zonse ziwiri za malemu. Ankatsimphina, thukuta lili kamukamu chifukwa chitsa chinkapekesedwa m'mwendo wosakhala wake, koma ankaimba nawo mokweza, buku la nyimbo ali nalo m'manja onse awiri. Analephera kudikira ngakhale dzuwa limodzi.

Nyimbo inazilala kuyambira kumbuyo mpaka kutsogolo. Onyamula bokosi anaima osauzidwa. Hector anayang'ana mapazi a Stanislaus, n'kuyang'ana bokosi, kenako anatembenukira kwa Norah pamaso pa khamu lonse.

"Mlamu," anatero mosakweza mawu, "mng'ono wanga mwamuveka chiyani?"