Loko wa pa Geti la Ngalande

Kudambo dzuwa linali kuswa mtengo, koma kumapiri kunali bii. Obed anaima pa geti la ngalande yaikulu ya sikimu ya mpunga, maso ali pamadzi. Ankabwera ofiira, atasenza mapesi ndi nkhuku yakufa.

Kale chigawo chilichonse cha sikimuyo chinali ndi kiyi wake. Madzi akachuluka, amene ali pafupi ankatsegula geti lotayira kumtsinje, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma m'chilimwe anthu ankaberana madzi, ndipo Obed yemweyu ndiye anaimirira pamsonkhano n'kunena kuti, "Makiyi onse akhale ndi apampando. Wothyola loko alandidwe munda." Tsiku limenelo azimayi anamuimbira nthungululu.

Lero apampandowo, a Silvester, anali kumsonkhano kuboma.

"Ayankha foni?" anafunsa mkazi wake Lufina, khasu lili paphewa.

"Akuti zotsegula geti n'za komiti yonse."

"Nanga a komitiwo?"

"Alembi, mayi Ida, akuti sangalumphe apampando."

"Lamulo lanu lija lakula, bambo a Alinafe. Lamera ndi mano omwe."

Obed sanaseke. Khoma ladothi la ngalande linali litayamba kuchucha, ndipo kunsi kwake kunali mpunga wobereka kale ndi nyumba za anthu. Anaimbanso foni.

"Musapupulume, a Obed," anatero a Silvester, mbale zikulira kumbuyo kwawo. "Kuno kulibe ndi dontho lomwe. Ndikakulolani lero, mawa aliyense azithyola n'kumati kumapiri kwagwa mvula. Kiyi ndibwera naye mawa."

Anthu anali atasonkhana m'malire a minda, koma palibe anayandikira geti. Lamulo ankalidziwa onse. Ankadziwanso kuti munda wa Obed ndiwo woyamba kumwa madzi, suuma ngakhale mu Okutobala.

"Thyolani, achimwene!" anakuwa Mfundo, mwini munda wa kumapeto kumene madzi amafika atatopa. "Ife tili pambuyo panu!"

"Pambuyo patali bwanji," anang'ung'udza Lufina.

Chibuma chinagumuka pakhoma paja n'kugwera mumpunga. Kenako china. Obed anayang'ana munda wake, anayang'ananso nyumba zija, pamene zovala za ana zinali pachingwe. Analanda khasu kwa mkazi wake n'kumenya loko ndi kumsana kwake mpaka anaduka. Geti litakwera, madzi anakhamukira kumtsinje ndi mkokomo, ndipo m'ngalande anayamba kutsika.

Nthungululu sizinamveke. Lufina anatola lokoyo n'kumufunyira m'chitenje.

"Palibe waona," anatero.

Obed anacheuka. Anthu aja sankayang'ananso madzi. Mfundo anali ataima kale m'munda wa Obed, akufinya ngala ya mpunga ndi zala kuti aone kukhwima kwake.