Phazi la Nkhuku M'kati mwa Wotchi

Mumsewu wonse wa kuseri kwa siteji ya mabasi munalibe munthu wodziwa dzina lenileni la mkulu wokonza mawotchi uja. Onse ankangoti a Tikitiki, eni akewo n'kumayankha. Kashopu kawo kanali pakati pa wometa ndi wogulitsa machaja a foni, kopapatiza moti munthu wathupi ankalowamo chammbali. Zaka makumi anayi ali pa kampando kamodzimodzi, kagalasi pa diso, ndipo pa zaka zonsezo panalibe munthu amene anawalozapo chala kuti andibera kapena andinamiza. Chuma chawo chinali chomwecho basi. Nyumba inali ya lendi, njinga inatha kalekale, koma dzina linali loyera mbee.

Nkhani ya okushoni ya pa intaneti anaibweretsa ndi Make Mapasa, mkazi wa mwana wawo. Mwamuna wake ankayendetsa mathiraki a mtunda wautali, wofika pakhomo kamodzi pa mwezi ngati mlendo, choncho zonse zinali pamutu pa mayiyu, apongozi ake omwe. Ankaona ndi maso ake mmene ntchito ya mkuluyo ikufera. Masiku ano nthawi anthu amaonera pa foni, nanga wotchi ya chiyaninso? A Tikitiki ankangoswera kupukuta mawotchi akale amene anagula kwa anthu osamuka.

"Bambo, zinthu izi kunjaku anthu akuzilimbirana," anatero Make Mapasa tsiku lina. "Timajambula, timaika pa tsamba la okushoni, anthu amapikisana mitengo kwa masiku asanu ndi awiri. Wapamwambayo ndiye amatenga, ife n'kumutumizira."

"Munthu n'kugula wotchi asanaimve kulira kwake?"

"Amagula, bambo."

"Dziko lapita kutali, mayi. Yesani tione."

Ndipo zinayenda, inu! Mawotchi khumi ndi imodzi anapita, ndipo wogula aliyense akalandira katundu ankalemba ndemanga pa tsambapo n'kuika nyenyezi zisanu. A Tikitiki sankatha kuwerenga okha. Diso limodzi linali litachita ng'ala, linalo linkamvera kagalasi ka ntchito kokha, zilembo za pa foni zinkangowavinira. Ndiye Make Mapasa ankawawerengera. Iwo ankakhala ngati sizikuwakhudza, ali jijirijijiri ndi kasikuludiraiva, koma akamva mawu amodzi ankadzutsa mutu.

"Pamene pakuti 'wokhulupirika' paja, tabwerezani. Sindinamve bwino, basi inadutsa."

Basi yake iti? Mayiyo ankangoseka chamumtima n'kubwereza.

Dokotala atanena kuti diso lija likufunika opaleshoni, a Tikitiki anatsegula kabati ya pansi n'kutulutsa wotchi yokulungidwa m'kansalu kofewa. Inali ya m'thumba, yasiliva, yokhala ndi katcheni, imene mphunzitsi wawo anawapatsa tsiku lomwe anamaliza kuphunzira ntchito. Anaimvetsera kaye pa khutu nthawi yaitali asanaipereke.

Make Mapasa sanali mwana pa malonda amenewa. Azimayi anzake ogulitsa pa tsamba lomwelo anali atamuchenjeza kale za atambwali amene amagula chinthu chabwino, n'kudandaula kuti n'chakufa, kenako n'kukubwezera china chofanana nacho chotolera ku dzala. Koma iye anali ndi chodalira. Wokonza mawotchi aliyense, akamaliza ntchito, amasiya kachizindikiro kake m'kati mwa chivindikiro cha kumbuyo, kokanda ndi nsonga ya singano, kuti wotchiyo ikadzabweranso adzaidziwe. Ka a Tikitiki kanali timizere titatu ngati phazi la nkhuku. Mayiyo anakajambula bwinobwino n'kuika chithunzicho pa tsamba. Wina akadzasintha wotchi, yosinthayo idzakhala yopanda phazi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Apongozi ake sanawauze za maganizo amenewa. Ankawadziwa. Akanangoti kuganizira munthu zoipa asanakulakwire n'kumubera kale mumtima, ndiye ulaliki mpaka madzulo.

Wotchi inagulidwa ndi munthu wodzitchula kuti Wokonda Zakale. Inapita. Patatha masiku khumi foni inalira Make Mapasa akuchapa mayunifomu a ana, ndipo atawerenga anangokhala pansi pompo, thovu lili m'manja. Wogula uja anali atadandaula kuti wotchi ndi yabodza komanso siyenda, ndipo wayamba kale kuitumiza kuti ibwerere. Pamwamba pa ndemanga zabwino zija panakhala ina ya nyenyezi imodzi. A tsambalo analemba kuti katundu akafika, wogulitsa ali ndi masiku atatu oti apereke umboni. Akaonetsa kuti wotchi yasinthidwa, ndemanga yoipayo idzafufutidwa. Akalephera, adzamutsekera malonda ndipo mawuwo adzakhala pomwepo.

Mtima unamupweteka, koma mantha analibe. Phazi la nkhuku linalipo. Kwa apongozi anangonena kuti wogula wasintha maganizo, wotchi ikubwera.

Ndiye taonani tsoka lake. Tsiku limene wa njinga yamoto anabweretsa kabokosi ka wotchiyo ku shopu, Make Mapasa anali pa mzere ku chipatala ndi mapasa ake, onse awiri akutsokomola. Anafika ku shopu dzuwa litapendeka. Anapeza kabokosi kali kukamwa yasa pansi pa tebulo, ndipo pa kansalu pali wotchi yowala, ikulira tiki, tiki, tiki.

"Yafika yathu ija?" anafunsa akupuma mwabefu.

"Yafika, koma si yathu," anayankha a Tikitiki modekha. "Nditangoinyamula m'manja ndinadziwa. Yopepuka ngati chitini. Nkhope ndi yomweyo, m'kati ndi zina. Atibera, mayi."

"Ndinadziwa ine! Musadandaule, bambo, timugwira ameneyu. Tingojambula mmene yabwerera, yakufa, yopanda..." Anaiyang'anitsitsa wotchiyo. "Koma nanga bwanji ikuyenda?"

Mkuluyo anakanda pamutu.

"Inabwera ili chikomokere, yosauka. Dzimbiri lokhalokha, kasipuling'i koduka, mafuta ouma gwa. Ndinati ndingoona chavuta n'chiyani. Ndiye mukudziwa manja awa."

Make Mapasa anatola wotchiyo n'kutsegula chivindikiro cha kumbuyo ndi chikhadabo. Timizere titatu, tatsopano, tonyezimira. Phazi la nkhuku.

"Mayo ine! Bambo, mwachita chiyani?"

"Ndaikonza. Wotchi imene ndakonza ndimaika chizindikiro. Sindinaphonyepo chiyambire."

Apa m'pamene mayiyo anakhuthula zonse, za atambwali, za chithunzi, za ndemanga yoipa ija, za masiku atatu aja. Ankalankhula mokalipa, koma mkwiyo weniweni unali wa pa iye mwini. Akanangotsegula pakamwa kale, mawu awiri okha! Wometa wa pafupi anamva phokoso n'kusuzumira pakhomo, lumo lili m'manja, kasitomala wamusiya mutu uli theka.

A Tikitiki anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anachotsa kagalasi pa diso.

"Mwati walemba mawu. Tawerengani."

"Bambo, n'zopanda pake."

"Werengani, mayi."

Anawerenga ndi mawu otsika. "Wakuba. Amagulitsa zinyalala n'kumati n'zasiliva. Chenjerani naye mbala yokalambayi."

Make Mapasa anali asanaonepo nkhope ya apongozi ake ikugwa chotero. Anamva chisoni chachikulu, chofuna kulira nacho.

"Aaa, koma madala, nkhani yake ndi yomweyi?" analowerera wometa. "Inu si muli ndi kamakina kopukutira kaja? Palani timizereto, mphindi zisanu sizikwana. Kenako thyolaninso kasipuling'iko, muthire timadzi ta mchere, mujambule. Ndani adzadziwe? Ine mutu wa munthu ndikaulakwitsa ndimangometa mpala n'kumuuza kuti ndi sitayilo yatsopano."

Make Mapasa sanaseke. Anali ataganiza kale zomwezo.

"Akunena zoona, bambo. Sikuti tikunamizira munthu wosalakwa ayi. Wotchi inabweradi yakufa, inabweradi yopanda chizindikiro. Tikungoibwezera mmene inalili."

"Tikatero tidzalemba kuti chiyani pansi pa chithunzicho?"

"Kuti umu ndi mmene yafikira."

"Kuti sitinaigwire."

"Eya."

"Koma ndinaigwira."

"Bambo!"

"Ndinaigwira, mayi. Ndakhala nayo kuyambira m'mawa." Anaitola n'kuiika pachikhatho. "Mukuti ndiiphe wotchi yoti ikuyenda, ndifufute dzanja langa, ndijambule bodza, ndicholinga choti anthu adziwe kuti sindinama?"

"Nanga dzina lanu? Zaka zonsezi? Nanga diso?"

"Diso lidikira. Lembani zimene zachitika. Kumenekonso kuli anthu, amva."

Wometa anapukusa mutu n'kubwerera kwa kasitomala wake, akung'ung'udza kuti anthu ena kumwamba adzalowa ndi nsapato zomwe.

Make Mapasa akanatha kuchita yekha. Kamakina kaja ankakadziwa, kiyi wa shopu anali naye. Mawa lake m'mawa, mkuluyo asanafike, anaima pa tebulo lija wotchi ili m'manja, ikumugunda pachikhatho ngati kamwanapiye. Anaganiza za tsiku limene ndemanga idzafufutidwe, apongozi ake n'kufunsa kuti zatheka bwanji. Akanawayang'ana ndi nkhope iti? Anaibwezera pa kansalu, anakhala pa kampando ka apongozi ake, n'kuyamba kulemba.

Analemba zonse. Kuti wotchi yobwezedwayo ndi yopepuka, kuti za m'kati mwake n'zina, kuti mwini shopu ndi munthu wachikulire amene sangaone wotchi yakufa osaitsegula, ndipo kuti chizindikirocho wachikanda dzulo chifukwa ndi mmene wachitira moyo wake wonse. Anajambula timizere tatsopanoto pafupi kwambiri kuti aone kunyezimira kwake. Vuto linali lakuti za m'kati mwa wotchi yeniyeni ija sanazijambulepo, ndipo sanaiyezepo pa sikelo. Anadalira phazi la nkhuku lokha.

Yankho linabwera patapita masiku awiri, lalifupi, laulemu wozizira. A tsambalo anathokoza chifukwa cha kuleza mtima. Anati afanizira zithunzi ndipo chizindikiro cha pa katundu wobwezedwa chikugwirizana ndi cha pa katundu wogulitsidwa. Anatinso wogulitsa wavomera yekha kuti anatsegula katunduyo. Mlandu wakomera wogula, malonda atsekedwa, ndipo chigamulochi sichisintha. Kaya analemba ndi munthu kaya ndi makina, Make Mapasa sanadziwe. Panalibe ngakhale dzina loti ulitukwane.

Anayenda wapansi kupita ku shopu kuti apeze nthawi yoganiza. Njira yonse ankakonza bodza laling'ono, lachifundo. Adzawauza kuti wotchi yapita koma mawu aja afufuta. Iwo foni sawerenga, wometa akhoza kumutseka pakamwa. Munthu wokalamba afe ndi mtima wokhazikika, cholakwika n'chiyani pamenepo?

Anawapeza atavala shati yawo yoyera ya masiku akuluakulu, tebulo lopukuta, manja ali pamaondo. Sankagwira ntchito iliyonse. Wotchi yachilendo ija anali ataipachika pa msomali pakati pa zinzake, ndipo inkasonyeza nthawi yofanana ndendende ndi wotchi yaikulu ya pakhoma.

"Ayankha?"

Bodza lija linafika mpaka pa lilime. Mayiyo anayang'ana manja awo, zala zokhota, zipsera za singano, n'kulimeza bodzalo.

"Ayankha, bambo. Akana. Atitsekera."

"Nanga mawu aja?"

"Akhala pomwepo."

"Amawerenga ndi anthu angati?"

"Aliyense amene angafune."

"Ngakhale ine nditapita?"

"Ngakhale mutapita, bambo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu ndipo wauvomera. Kunja kondakitala ankaitanira anthu, makina a wometa ankalira kuseri kwa khoma.

"Ndikhululukireni," anatero Make Mapasa. "Ndikanakuuzani kale za chithunzi chija."

"Mukanandiuza ndikanaikonzabe. Mwina ndikanadikira mpaka masana." Anayesa kumwetulira koma sizinatheke. "Nanga ena aja, khumi ndi mmodzi aja, nawonso awachotsa?"

"Ayi, alipo. Ali m'munsi mwake."

"Tawerengani."

Anakokera kabokosi kopanda kanthu n'kukhalapo, nayamba kuwerenga kuchokera pa woyamba. Wina ankathokoza kuti wotchi ikulira ngati ya malemu bambo ake. Wina ankati katundu anamangidwa mosamala ngati dzira. Atafika pa wachinayi anawerenga kuti, "Wogulitsa wokhulupirika," n'kuima kaye monga mwa masiku onse, kudikira kuti anamizire basi.

Basi inadutsadi, yaphokoso, mpaka magalasi a shopu ananjenjemera. A Tikitiki sanapemphe kuti abwereze. Anangoyang'ana pansi.

Make Mapasa anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, anasendeza kabokosi kaja pafupi ndi khutu lawo, n'kubwereza yekha mawuwo mokweza.