Chingwe cha Kumanzere

"Tiyambe ndi mtanda wautaliwu," anatero Chiukepo, akuyesa mano a sowo ndi chala. "Ukagwa uwu, zinazi sizivuta."

Keturah anaima pakati pa mizere ya kabichi, manja ali m'matumba a jekete la malemu mwamuna wake. Aka kanali koyamba kuponda m'dimba limeneli, ngakhale mwamuna wakeyo, Stanford, analibwereka kukhonsolo kalekale. Anamuika m'manda Loweruka, konkuno ku Leicester, ndipo lero mng'ono wa Stanford, Chiukepoyu, anabwera kuchokera ku Oadby kudzachotsa chimene malemuyo anasiya.

Chinthucho chinaima kumapeto kwa dimba, chachitali kuposa denga la kashedi kosungiramo makasu. Miyendo yake inali ya matabwa okhuthala. Pamwamba panapingasa mtanda, mbali yaifupi italendewera bokosi lodzaza miyala, mbali yaitali itamangidwa thumba lachikopa. Azungu akale ankagumulira malinga a adani poponya miyala ndi zida zotere. Stanford ankati dzina lake ndi tirebusheti. Keturah ankangoti legeni.

"Alamu, mwandimva? Dimba libwerere kwa eni ake lili loyera. Komanso pamaliro paja anthu amanong'onezana. Bambo wamkulu, kuweruka kuntchito kuweyahausi n'kumakaseweretsa legeni! Tichotse manyazi amenewa."

"Ndamva," anatero Keturah.

Iyenso ankaganiza chimodzimodzi. Lamlungu lililonse akachoka kutchalitchi, Stanford ankasintha nsapato pakhomo n'kufunsa, "Mayi a Natalie, lero simubwera kudzaona?" Iye ankaloza mulu wa zochapa, kapena kunena za shifiti yamawa kunyumba yosamalira okalamba. Mwamunayo ankamwetulira n'kukakwera basi yekha. Tsopano nyumba yawo ya ku Braunstone inali zii. Natalie anabwerera kale kuyunivesite, ndipo nsapato zija zinali pomwepo pakhomo, matope atauma.

Pampanda panatulukira mkulu wina wandevu zoyera, atanyamula keni yothirira.

"Pepani ndi maliro, mayi. Ine ndine Gulam, dimba langa ndi ilo."

Chiukepo anatsitsa sowo. "Mumayankhula Chichewa, bambo?"

"Ndinabadwira ku Limbe, mwanawe, iwe usanaganiziridwe n'komwe. Chinachita dzimbiri, koma achimwene ako anachipukuta." Anayang'ana sowoyo. "Mukufuna kudula?"

"Ndi nkhani ya pabanja."

"Inde, inde. Ine ndine mlendo. Koma musadule chonchi. Mwaona mtandawo watsitsidwa, bokosi lili m'mwamba? Chatcheredwa. Tinachitchera limodzi tsiku lomwe anadwala lija. Mukangodula, miyala yonseyo ikuphwanyani mapazi. Chiyambe chaponya kaye."

"Ndiye chiponyeni, tithane nazo."

Gulam anaika keni pansi. Anatola dzungu lina loyamba kuwola, n'kuligoneka bwinobwino m'thumba lachikopa. Anasuzumira kuseri kwa mpanda, kumene kunali thengo lopanda munthu, kenaka anabwerera m'mbuyo.

"Mayi, chingwe ndi icho."

"Ine ayi. Kokani ndinu, mumazidziwa."

"Ine ntchito yanga ndi kutchera. Chingwecho si changa." Anakanda ndevu. "Tinakangana nacho sabata yathunthu. Ine ndinati chikhale kumanja, kuli malo, munthu akuonanso bwino kumene dzungu likupita. Iye anakana. Anachotsa mbedza, n'kuboolanso kumanzere. Ndinati, Stanford, iwe si wamanzere, wapenga? Anati, akazi anga ndi amanzere."



Keturah anayenda pang'onopang'ono, matope akumata nsapato zake za kutchalitchi. Chingwe chinalendewera pa mwendo wakumanzere wa chidacho. Pogwirira pake panakulungidwa kansalu kobiriwira, kofwifwa ndi mvula. Anakazindikira. Chinali chitenje chake chakale, chija anachifunafuna mpaka kumunamizira Natalie.

Anatulutsa dzanja lamanzere m'thumba. Silinachite kukwera kapena kutsika. Chingwe chinali pomwe dzanjalo linafikira.

Anakoka.

Bokosi linagwa ndi mdidi umene anaumva m'mapazi. Mtanda unazungulira, thumba linalira m'mphepo, ndipo dzungu linakwera, linakwerabe, laling'ono ngati lalanje pa mitambo yotuwa. Linakagwera kutali, phokoso lake losamveka n'komwe. Mtanda unatsala ukugwedezeka uku ndi uku, ukulira ngati chitseko chakale, mpaka unaima.

"Hii!" anatero Chiukepo mosafuna. Kenaka anakhosomola. "Chabwino. Tsopano tingadule."

"Bwezani sowoyo m'galimoto, alamu."

"Nanga akhonsolo?"

"Ndikalembetsa dzina langa. Kabichiyu akufuna munthu."

"Inu ndi mashifiti anuwo? Mudzatopa nazo mwezi usanathe."

"Ndikadzatopa ndidzakuitanani."

Chiukepo anayang'ana mtanda uja nthawi yaitali. Kenaka anakulunga sowo m'nyuzipepala n'kulunjika kugeti. Gulam naye anatola keni yake, nabwerera kwa anyezi wake.

Keturah anatsala yekha, chingwe chidakali m'dzanja. Pansi pake, pomwe munthu amaima pokoka, udzu unatha, panatsala dothi lolimba. Stanford anali wamtali, wogunda mutu pachitseko cha basi. Ndiye kuti zaka zonsezi ankachita kuwerama, n'kukoka ndi dzanja limene silinali lake.

Mfundo ya kansalu kaja inali itayamba kumasuka. Keturah anaimanganso.