Dzina Limene Dulce Sanamalize

Mwana wa mng'ono wanga anakhala miyezi itatu wopanda dzina. Pa khadi la kusikelo anangolemba kuti RN de Dulce, ndiye kuti khanda la Dulce m'Chipwitikizi chawocho, ndipo anamwino akafuula kuti, "Erre Ene de Dulce!" ndinkadzuka ndine, mwana ali kumsana. Azimayi akwathu ku Mongue, pakamwa pawo posatseka paja, anayamba kumutchula Erene. "Wadzuka bwanji Erene?" Ndinkangoti wadzuka. Kale ndikanawatukwana mpaka nkhuku kuthawa pabwalo, amandidziwa. Koma masiku amenewo mtima wanga unali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali, woti ngakhale uutsine sumva kanthu.

Dulce anamwalira Lachinayi masana, patangotha maola atatu chibadwire mwanayo. Magazi sanaleke. Anamwino a pachipatala chathu chaching'ono anayesetsa, ndinaona ndi maso angawa, koma galimoto yoti imutengere ku Milange inafika iye atapita kale. Wachibale m'chipindamo ndinali ine ndekha. Mwamuna wake, Gervásio, anali panja pansi pa mtengo wa mango, atagwirira njinga yake ngati wina akufuna kumulanda.

Zisanafike poipa ndinamuikira mwana pachifuwa. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Ine, pofuna kuti alankhule, ndinati, "Iwe Dulce, nanga mlendoyu ndi ndani?"

"Mana," anatero, ndiye kuti achemwali, monga ankanditchulira chiyambire ali wamng'ono. "Chiso..."

Anakoka mpweya kuti amalize. Nthawi yomweyo mnamwino anandigwira phewa kuti nditenge mwana ndituluke, ine n'kutembenuka. Nditabweza maso, Dulce anali atatsinzina. Sanalankhulenso.

Maliro atatha ndinawauza anthu zimenezi, ndipo mwina ndikanangokhala chete. Amayi ake a Gervásio, mayi Eugénia, anati palibe chovuta apa, mwanayu ndi Chisoni. "Wobadwa tsiku la maliro sapatsidwa dzina lachikondwerero," anatero. "Mukatero imfa imayesa simunamve, imabweranso kudzakukumbutsani." Si munthu woipa ayi. Anaika m'manda ana anayi, ndipo amalankhula zimene amaziopadi. Gervásio anati iye akuganiza kuti ndi Chisomo, poti Dulce ali woyembekezera mawu amenewa sankamuchoka pakamwa akabwera ku kwaya. Koma za dzina sanakambiranepo. Ndani amatchula mwana akadali m'mimba?

Ndiye onse awiri anatembenukira kwa ine. "Munalipo ndinu. Anati chiyani?"

Ine dzina langa ndine Mavuto. Ndinabadwira tsidya la Ruo, kumsasa wa othawa nkhondo, bambo atangophedwa panjira, ndipo amayi sanavutike kufunafuna dzina. Titabwerera kuno mtendere utabwera, aphunzitsi anandifunsa tanthauzo lake pamaso pa kalasi yonse, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinali Dona Problema, Mayi Mavuto m'Chipwitikizi, mpaka ndinasiya sukulu. Mwamuna wanga, pochoka, anaima pakhomo n'kunena kuti wolakwa ndi iye mwini, anakwatira mavuto akudziwa. Chitsiru chija chinaseka chokha. Choncho musandiuze za kusenza dzina, ndalisenza zaka zonsezi ngati ndowa yodontha.

Dulce anabadwira kuno, amayi atakwatiwanso, nyumba itamangidwa, chimanga chili m'nkhokwe. Amayi anamupatsa dzina la Chipwitikizi lotanthauza kuzuna. Lero wa dzina lozuna uja wagona kumanda, ine wa mavuto ndidakatafuna chinangwa. Ndiye za kuti imfa imamvetsera mayina, kaya, ine ndilibe nazo mawu.

Kunama kunali kosavuta. Ndikanangoti, "Ndakumbuka, anati Chisomo," nkhani n'kutha. Akananditsutsa ndani? Ndinayesa kawiri, mawu ali pa lilime penipeni, koma ankabwerera. Dulce sanali wopusa. Anaona nsalu zimene anamwino ankachotsa pansi pake, ankadziwa kumene akupita. Mwina anati Chisoni. Mwina sankatchula n'komwe dzina, ankangondiuza kuti chisoni chamugwira posiya kanthu kakang'ono chonchi. Ine n'kumuikira mawu ena m'kamwa, iye ali poti sangadziyankhire?

Chimene chinkandidya n'chakuti yankho linali pa milomo yake. Yesani nokha. Mukati Chisomo, milomo imatsekeka. Mukati Chisoni, imakhala yotsegula, mano n'kuoneka. Ngakhale mawu akanapanda kutuluka, ndikanaona. Koma ndinatembenuka. Ndinkapalira m'munda ndikunena ndekha, mo, ni, mo, ni, mpaka mzere kutha. Ndinkaima pa kagalasi kosweka ka pawindo kuyang'ana pakamwa panga, mwina nkhope yake ibwera. Inkabwera mphumi, maso, kachipsera ka pachibwano kamene anakapeza atagwa mu mtengo wa gwafa. Milomo ayi.

Sindinkalira. Anthu ankati Mavuto ndi wolimba mtima. Kulimba kwa chiyani? Ndinkasungunula mkaka wa m'chitini, kuchapa matewera, kumugoneka mwana, kudzuka, kuchapanso. Mwanayo sindinkamuitana chilichonse. Akalira ndinkangoti, "Iwe, iwe, tonthola."

Mwezi wachitatu anamwino akusikelo anati ulendo wotsatira tibwere ndi sedula, kapepala ka boma ka kubadwa kwa mwana. "Erre Ene si dzina, mayi," anatero. Ngati kuti ine sindikudziwa.

Tinanyamuka Lolemba m'mawa, ine ndi Gervásio. Mayi Eugénia anatiperekeza mpaka pamsewu, akukonza kapulana imene ndinaberekera mwana ngakhale inali yomangika kale bwinobwino. Shapa, minibasi yakwathu kuno, itaima anandigwira dzanja.

"Mavuto mwananga, usakamunamizire wakufa."

"Ndamva, amayi."

M'shapamo tinapanikizana ndi matumba a nandolo opita kumalire. Phiri la Tumbine litaonekera, ndinamuyang'ana Gervásio. Anali ataonda, kolala ya malaya ikuchita kulendewera. Pamenepo anati, osandiyang'ana, "Alamu, chimene mukanene ndi chomwecho. Ine sindidzafunsanso." Ndinafuna kumukalipira kuti mwana ndi wake, asandisenzetse ine zonse. Mphamvu yake ndinalibe.

Ku ofesi yolembetsa ana tinadikira pa benchi mpaka dzuwa kutentha. Patsogolo pathu panali mtsikana ndi mwamuna wake akukangana moseka ngati mwana wawo akhale Dina kapena Dinha. Ndinkawayang'ana ngati mmene umayang'anira mvula ikugwa kumudzi kwa eni.

Wolembayo anali mayi wachitsikana, wa magalasi, ndipo anzake ankamuitana Suzete. Chinyanja chake chinali chophunzira ukulu, cholemera lilime, koma chomveka. Anatenga khadi la kusikelo ndi kalata ya imfa ya Dulce, anawerenga, n'kutiyang'ana mwachidule. Anafunsa dzina la bambo, la mayi, la agogo mbali zonse, Gervásio akuyankha. Kenako anati, "Dzina la mwana?"

Gervásio anayang'ana pansi. Ine ndinamva mwana akusuntha kumsana, kutentha kwake kukudutsa kapulana.

"Chiso," ndinatero.

Cholembera chinadikira pamwamba pa pepala. "Chiso chiyani, mama? Kuno amabwera a Chisomo, amabwera a Chisoni. Malizani."

"Mayi ake sanamalize."

"Pepani?"

"Ndati mayi ake anafika pamenepo. Lembani pomwe anafika. Zotsalazo ine sindinazione, ndipo sindikuuzani bodza kuti pepala lanu lidzaze."

Mawu anga anakwera kuposa mmene ndinkafunira, moti a pabenchi anasiya kulankhula. Suzete anayang'ana Gervásio. "Bambo, mukuvomera?"

Gervásio anagwedeza mutu. Kenako, poona kuti mayiyo akudikirabe, anati, "Eya."

Suzete analemba, n'kuima. Anati m'Chipwitikizi, akaika s mmodzi, aphunzitsi azidzawerenga Chizo, ndiye aika awiri kuti lizimveka mmene ndanenera. Anandifunsa kuti ndibwereze pang'onopang'ono. Ndinabwereza. Iye analitchula, ine n'kuvomera kuti ndi lomwelo. Anadinda chidindo, natipatsa sedula, naitana wotsatira.

Panja panali phokoso la masiku onse, njinga zonyamula makala, amalonda akukuwa, fumbi. Tinaima pa masitepe. Gervásio anatsegula kapepalako n'kukayang'ana nthawi yaitali, ngakhale kuwerenga kwake n'kwa pang'onopang'ono. Anakapinda, anakaika m'thumba la malaya, n'kumanga batani. Kenako anazungulira kumbuyo kwanga, anasuntha kapulana pankhope pa mwana.

Ndinapotoloza khosi kuti ndione. Chibadwire, bamboyu anali asanamuitanepo mwana wake.

"Chiso," anatero. Mawu anamuthera, n'kukoka mpweya.

Ndinapezeka ndikumuyang'anitsitsa milomo, osaphethira, kudikira kuti itsekeka kapena ikhala yotsegula. Inkangonjenjemera. Mwana anatembenuza mutu kuyang'ana bambo ake.

Mwendo umene unachita dzanzi ukayamba kumva, umapweteka koopsa. Ndinakhala pansi pa masitepe pomwepo, anthu akundilambalala, ndipo ndinalira mng'ono wanga mokuwa, tauni yonse ya Milange ikumva.